Chimbale cha ku Nkaya

Amira anamva mawu a bambo ake asanalowe n'komwe m'nyumba. Ankachokera kumsika wa Balaka, matimati ndi anyezi zili m'jumbo, ndipo atangoponda pakhonde anamva munthu akuseka m'kati, kuseka kokokera mpweya kumene m'tauni yonseyo kunali kwa Che Zubairu okha. Koma Che Zubairu anali atagona kumanda miyezi khumi ndi umodzi. Jumbo inamupulumuka, matimati n'kumwazika pansi.

Pabalaza anapeza mayi ake, Abiti Swaibu, atakhala pamkeka, dzanja lili pakamwa. Pampando panali Abdulrahim, mnyamata amene anali atangobwera kuchokera ku Joni, mwana wa Che Abdulaziz, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo wa malemuwo. Foni yake yaikulu anaitsamiritsa ku fulasiki patebulo, ndipo m'foniyo Che Zubairu anali moyo. Anali pa njinga yawo ya kabaza kutsogolo kwa siteshoni, chipewa chitapendekera kumanzere, akukangana ndi mayi wina amene ankafuna kukwera limodzi ndi mbuzi yake.

Zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo, anthu opanga masewero a pa tivi anabwera ku Balaka kudzajambula sewero lotchedwa Alendo a pa Siteshoni, ndipo anatenga Che Zubairu, amene anali wakabaza weniweni, kuti asewere m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Nthawiyo pakhomopo panalibe tivi. Banja lonse linaonera chigawo chimodzi chokha kwa aneba, magetsi n'kuthima chili pakati. Kenako foni imene inali ndi zithunzi zonse za malemuwo inagwera m'chitsime, moti kuyambira tsiku la maliro Amira analibe poonera nkhope ya bambo ake.

Anagwada patsogolo pa tebulo, akuseka, misozi ili chuchuchu. Abdulrahim anamusiya kuti aone mpaka chigawocho chitatha, kenako anafotokoza monyadira kuti sewerolo analipeza pa intaneti, pamalo ena pamene pali mafilimu ambirimbiri, munthu ukangolipira pamwezi umaonera chilichonse chimene mtima wako wafuna. Anati Loweruka likubweralo, tsiku la sadaka ya malemu, adzabweretsa tivi yake yaikulu kuti abale onse ochokera ku Chikweo adzawaone Che Zubairu akuyenda ndi kulankhula.

Abiti Swaibu anamudalitsa m'Chiyao mpaka mawu anawathera. Kenako anayang'ana mwana wawo, kuyang'ana kumene Amira ankakudziwa bwino tanthauzo lake.

*

Amira sanatole n'komwe matimati aja. Anathamanga kudutsa njanji mpaka pa kashopu ka Lyford, pamene anthu ankabwera ndi mamemore khadi ndi mafulashi kudzaikitsa mafilimu ndi nyimbo.

Awiriwa anakumana chifukwa cha foni ya m'chitsime ija. Amira anabwera nayo pamenepa mwezi wa maliro, ndipo Lyford anakhalira memore khadi yake masiku awiri athunthu kuyesa kuukitsa zithunzizo. Zinakanika, ndipo pomuuza kuti zakanika iyenso maso anali atafiira. Amira anabweranso sabata yotsatira popanda chifukwa chenicheni, anabweranso ina, mpaka zinadziwika. Vuto linali loti Lyford anali Mkhristu, makolo ake Alomwe a ku Nkaya, ndipo kunyumba kwa Amira dzina lake linkatchulidwa ngati dzina la matenda.

Amira anafika ali wefuwefu, n'kumugwira malaya, n'kumuuza zonse mosasiya mpata: chipewa, mbuzi, kuseka kuja. Lyford anasangalala naye zenizeni, anaimirira n'kumuzunguza kamodzi anthu akuona. Koma atamva za Loweruka nkhope inasintha. Anafunsa ngati Abdulrahim anasunga sewerolo m'foni mwake kapena amangolionera pa intaneti. Amira anati sakudziwa, ndipo sakuona kusiyana kwake.

"Kusiyana kulipo," anatero Lyford. "Zimene zili kumeneko ndi za eni ake. Iye amangolipira kuti asuzumire pawindo. Tsiku limene eni ake adzafune kutseka windolo sadzafunsa munthu. Chinthu chimakhala chako ukachigwira m'manja."

Amira anamusiya malaya. Anamufunsa ngati zimenezo ndiye zokha anali nazo zoti anene pa tsiku limene iye waona bambo ake. Lyford anayesa kufotokoza kuti anaziona kangapo, filimu imene inalipo dzulo lero kulibe, koma Amira anamva nsanje yokhayokha. Anamuuza kuti munthu wina wachita zimene iye analephera, ndipo m'malo moyamikira akufunafuna pothira mchenga.

Mawu akuti analephera anamulasa Lyford, Amira anaona yekha. Anafuna kuwabweza, koma mkwiyo unali usanathe.

"Zikomo, a Lyford. Pitirizani ntchito yanu," anatero, ndipo aka kanali koyamba m'miyezi isanu ndi itatu kumutchula kuti inu.

*

Lolemba Lyford sanaimbe. Lachiwiri Amira anadutsa dala pa kashopu kaja n'kupeza loko. Lachitatu masana, akupeta mpunga wa sadaka kuseri kwa nyumba, foni yake inalira. Anali Ayisha, msuweni wake wogulitsa mandasi pa siteshoni ya Nkaya, ndipo anatumiza chithunzi chopanda mawu. Pachithunzipo Lyford anali pakhonde la nyumba ina ya malata, akulandira kapu ya tiyi kuchokera kwa mtsikana wamtali wovala diresi yachikasu. Onse awiri ankaseka.

Uthenga unatsatira: "Ameneyo ndi Luckness. Ankayendera limodzi ali ku sekondale. Lyford wakhala akubwera kuno kuyambira Lolemba. Ndangoti udziwe."

Amira anakulitsa chithunzicho mpaka nkhope ya Luckness inadzaza foni yonse. Analemba uthenga wautali kwa Lyford, anaufufuta, analembanso wina, anaufufutanso. Pomaliza anangomutumizira chithunzicho ndi mawu akuti, "Tiyi wabwino." Yankho linabwera patapita ola: "Ndidzakufotokozera Loweruka. Undikhulupirire." Amira anaponya foniyo pamulu wa zitenje.

Mayi ake, amene ankasankha nawo mpungawo, sanafunse chilichonse. Anangoyamba kukamba za Abdulrahim, kuti ndi mwana wopemphera, kuti akumanga nyumba yanjerwa, kuti amawadziwa makolo ake kuyambira kalekale. Anati mkazi amafuna munthu wolowa naye pakhomo limodzi la mzikiti. Tsiku limenelo Amira sanatsutse monga ankachitira masiku onse, ndipo Abiti Swaibu anazisunga mumtima.

Komabe sabata imeneyo inali ndi chimwemwe chake. Mbiri inali itafika kale ku Chikweo kuti Che Zubairu adzaoneka pa sadaka yawo yomwe, ndipo anthu amene sankayembekezeka n'komwe anayamba kutumiza mawu kuti akubwera. Amira ankati akakumbukira kuseka kuja, mtima unkadumpha, Luckness n'kuiwalika kwa kanthawi.

*

Loweruka pakhomo panadzaza. Ashehe anawerenga duwa yopempherera malemu m'mawa, mpunga ndi nyama yambuzi zinayenda m'mabeseni, ndipo pofika masana anthu anali atakhuta koma palibe amene ankanyamuka. Amjomba ake a Amira, mlongo wawo wa mayi ake, amene ndiwo anali mwini mbumba, anakhala pampando wakutsogolo, ndodo ili pamiyendo. Pambali pawo panali Che Abdulaziz. Amayi anadzaza pamikeka mpaka kumpanda.

Abdulrahim anabwera ndi tivi yake pagalimoto, anthu awiri n'kuinyamula ngati mkwatibwi. Anaiika pakhonde pamthunzi, anaiyatsa, anailumikiza ku foni, n'kuyamba walankhula pang'ono za mmene dziko lapitira patsogolo, kuti masiku ano munthu safunikanso kuunjika zimbale m'nyumba ngati mbale zodyera. Anthu anaseka. Amira anakhala pafupi ndi mayi ake.

Abdulrahim analemba dzina la sewerolo. Panatuluka mafilimu ena. Analembanso, pang'onopang'ono. Panatuluka kamzere ka Chingerezi, ndipo mtsikana wina wa sukulu amene anakhala kutsogolo anakamasulira mokweza asanamuletse: sewero limeneli silikupezekanso.

Abdulrahim anayamba wanena kuti ndi netiweki. Anazimitsa, anayatsa, anakweza foni m'mwamba, anasintha bandulo. Mafilimu ena onse ankatseguka bwinobwino, a nkhondo, a chikondi, a ku India, koma Che Zubairu kunalibe. Thukuta linayamba kudontha pa kolala ya mkanjo wake woyera. Amjomba anamufunsa modekha kuti kodi si paja anati analipira. Abdulrahim anayankha kuti analipiradi, koma zikuoneka kuti eni ake alichotsa.

"Ndiye munalipira chiyani?" anafunsa amjomba.

Abdulrahim anaweramitsa mutu. Agogo ena amene anayenda ulendo wonse kuchokera ku Chikweo pa njinga yamoto anayamba kulira chapansipansi. Abiti Swaibu anadzuka n'kulowa m'nyumba. Amira anatsala pamkeka, manyazi ndi chisoni zitamukulunga pamodzi, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti Lyford anamuuziratu.

*

Anthu atayamba kufunafuna nsapato zawo, pachipata panaima njinga yamoto. Anatsika Lyford, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, envulopu yakhaki ili m'manja. Sanalowe. Anaima pachipata pomwepo, anavula kapusi, n'kupempha kuti alankhule ndi eni khomo.

Amira anafika kwa iye amjomba asanadzuke. Anamufunsa chapansipansi ngati wabwera kudzamuseka, komanso ngati tiyi wa ku Nkaya watha. Lyford anamwetulira motopa, n'kumuuza mwachangu kuti bambo ake a Luckness, a Emmanuel, ndiwo anagwira kamera pojambula sewero lija. Anawakumbukira tsiku lomwe anakangana lija. Mkuluyo anali atadwala sitiroko, zinthu zake zili m'makatoni m'chipinda chodontha, ndipo panatenga masiku atatu akufukula ndi Luckness kuti apeze chimbale chake. Chinali chokalikakalika, moti masiku ena awiri anathera pochitsuka ndi kukopera zimene zinalimo pa fulashi.

"A Emmanuel akuti chimbalechi ndi cha mayi ako," anatero. "Akuti bambo ako ankawanyamula ulere nthawi yonse ya ntchitoyo."

Amira anayang'ana envulopuyo, anayang'ana maso ake ofiira ndi tulo, ndipo akanakhala kuti panalibe anthu akanamukumbatira pomwepo. Anangogwira nsonga ya chala chake n'kuifinya.

Amjomba anamva nkhani yonse ataimirira, anamuyang'ana Lyford kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati mlendo alowe. Lyford anagwada kupereka envulopuyo kwa Abiti Swaibu, amene anali atatulukanso, n'kupempha Abdulrahim mwaulemu kuti abwereke tivi yake. Abdulrahim anangoloza ndi chibwano.

Fulashi italowa, Che Zubairu anatulukira pa tivi yaikuluyo, wamkulu ngati munthu weniweni, akuliza belu la njinga. Pakhomo ponse panaphulika. Amayi analulutira, ena anaitana dzina lawo ngati angayankhe, agogo aja anakwawira kutsogolo kukagwira galasi. Pamene mbuzi ija inadya chipewa, ngakhale Ashehe anagwira m'mimba. Amira ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, mutu uli paphewa la mayi ake. Chigawo chikatha anthu ankapempha china, ndipo Lyford ankangodina.

Pakati pa chigawo chachinayi, Abiti Swaibu ananong'oneza mwana wawo kuti akamupakulire mlendoyo mpunga, asankhe nyama yabwino, ndipo amupatse madzi osamba m'manja. Amira anapita kukhitchini miyendo isakugunda pansi. Popereka mbaleyo anagwada monga mwa mwambo, koma maso ake anamuuza Lyford zonse zimene pakamwa sipakanatha kunena pagulu. Anadabwa pang'ono kuona kuti iye sanabweze kumwetulirako, ndipo mpungawo ankangoutembenuza.

*

Chigawo chachisanu ndi chimodzi chitatha, tivi sinade. Panabwera zithunzi zina zogwedera, zopanda nyimbo, zimene sizinaulutsidwepo: a Emmanuel ankaisiya kamera ikujambula nthawi yopuma. Anthu anakondwa koposa, chifukwa apa Che Zubairu sankasewera, anali iwo eni. Anaoneka akupopa tayala, akunena wojambula mnzawo kuti ndi waulesi, akuswali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa siteshoni.

Kenako panatulukira kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi, kowonda, katanyamula kontena ya chakudya pamutu. Amayi anakuwa kuti ndi Amira, ndipo Amira anabisa nkhope m'chitenje akuseka. Tsikulo ankalikumbukira, anavala diresi ya Idi. Bambo ake anamunyamula n'kumukhazika pa kaliya. Pambali pawo panaima Che Abdulaziz, tsitsi lidakali lakuda, ndi mnyamata wovala yunifolomu ya sukulu.

Che Zubairu anayang'ana mu kamera, dzanja lili pamutu pa mwana wawo.

"Jambulani bwino apa, a Emmanuel, anthu adzaone. Mwana wangayu ndi wa kunyumba kwa Che Abdulaziz. Akadzakula, Abdulrahim uyu ndiye adzamutenge. Ndanena ndekha, wina asadzakane ine kulibe."

Anagwirana chanza ndi Che Abdulaziz, anaseka kuseka kwawo kuja, ndipo chithunzi chinathera pomwepo.

Che Abdulaziz anavula magalasi n'kupukuta maso. Abdulrahim, amene masana onse anakhala chowerama pakona, anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Amjomba anagunditsa ndodo pansi kamodzi, n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu, munthu walankhula pa sadaka yake yomwe.

Amira anati bambo ake ankangocheza, aliyense wamva mmene asekera. Mawu ake anatuluka aang'ono. Amjomba anamuyankha osamuyang'ana kuti malemu ankaseka ngakhale pogula munda, ndipo mundawo ulipo mpaka lero.

*

Amira anamupeza Lyford kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala la mbale, akusamba m'manja. Anamufunsa ngati anazioneratu zimene zinali kumapetoko asanabwere nazo. Ankayembekezera kuti akana.

"Ndinaziona Lachinayi," anatero Lyford.

"Iwe umadula mafilimu tsiku ndi tsiku. Ukanadula pamenepo ndani akanadziwa?"

Lyford anati anayesa. Anaika kale chizindikiro poyambira ndi pothera, chala chili pa batani, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Kudulako kunali kwa kamphindi chabe.

"Koma ndi mawu a bambo ako, Amira. Palibenso kwina kumene aliko. Ndikanawafufuta, ndikanakhala ndakubera, ndipo tsiku lililonse ukamandiyang'ana ndikanadziwa."

Amira anafuna kumumenya ndi chipande chimene chinali pathandalapo, ndipo nthawi yomweyo anadziwa kuti sadzakondanso munthu wina mmene ankamukondera uyu. Anamugwira malaya ndi manja onse awiri, n'kumuuza kuti ndi chitsiru, chitsiru chenicheni, ndipo asayerekeze kusowanso masiku asanu osaimba. Lyford anamufunsa kuti tsopano atani. Amira anati sakudziwa, koma iye sanagwirane chanza ndi munthu.

Kutsogolo kunkamveka mipando ikukokedwa. Wina anali atabwezera kanema uja pambuyo, ndipo mawu a Che Zubairu anamvekanso pabwalo lonse, kachiwiri, kenako kachitatu. Amjomba ankauza Che Abdulaziz kuti Lachisanu akachoka kumzikiti akhale pansi, abwere ndi ankhoswe awo.

Abiti Swaibu anatulukira pakona ya nyumba, envulopu yakhaki ija ataipanira pachifuwa. Anaona manja a mwana wawo pa malaya a Lyford, ndipo anadikira mpaka manjawo atatsika. Anamuthokoza Lyford ndi mtima wonse, anati zimene wawachitira sadzaziiwala mpaka kufa, ndipo ayende bwino dzuwa lisanalowe. Kenako anatembenukira kwa Amira.

"Konza mpango wako, mwanangu. Tiye ukapereke moni kwa apongozi ako."